Kukwera phiri la Nkhunguni ku Cape Maclear: zoyenera kudziwa musanamange nsapato

Holide ikangotha, zithunzi za ku Cape Maclear zimene zimadzaza pa Facebook ndi TikTok zimakhala zofanana: mapazi pamchenga, botolo m'manja, dzuwa likulowa cha ku Thumbi. Onse ojambulawo amakhala atafulatira phiri. Komatu phiri limene lili kumsana kwanulo ndi gawo lalikulu la paki ya Lake Malawi, ndipo madzi oyera amene mumawajambulawo akuyera chifukwa cha mitengo ya m'phirimo. Ine ndakwerako kangapo, m'nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, ndipo mafunso amene achinyamata amandifunsa sasintha. N'kutali bwanji? Kuli njoka? Tilipira? Tingapite tokha? Mayankho ake ndawaika pano kuti muziwapeza pamalo amodzi.

Malowa ndi otani

Cape Maclear ili kumapeto kwa chigawo cha Nankumba m'boma la Mangochi, pomwe mtunda unalowerera m'nyanja ngati chala. Mudzi umene alendo amagonamo dzina lake ndi Chembe. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri woona nyenyezi wa ku Cape Town. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, koma chimene ambiri sadziwa n'chakuti madzi ndi kagawo kochepa chabe. Kwambiriko ndi mapiri, miyala, nkhalango ndi zilumba monga Domwe, Thumbi, Mumbo, Maleri ndi Boadzulu.

Nsonga ziwiri zikuluzikulu ndi Nkhunguni kuzambwe, yotalika mamita 1,143, ndi Dzimwe kuvuma, mamita 1,169. Wina akamva manambala amenewa amaseka: ndiye phiri limenelo? Si Sapitwa ali pa 3,002? Ngakhale mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050, moti nsonga ya Nkhunguni ikungouposa pang'ono. Koma amwene, nkhani ili poyambira. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 okha, ndiye kuchokera pamchenga kufika pansonga mumakwera ndi miyendo yanu mamita oposa 650, panjira yamiyala, kumalo kotentha. Amene anakwerapo Soche kapena Michiru ku Blantyre asaganize kuti kuno akubwera kudzapuma.

Kafikidwe

Ochokera ku Blantyre mumadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, kenako msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay, makilomita oposa 60 kuchokera pa boma. A ku Lilongwe mutha kudzera ku Salima kapena kutsetsereka Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Musanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18. Pali makabaza a njinga zamoto ndi timagalimoto todikira kudzaza. Gwirizanani mtengo musanakwere.

Panjira imeneyi muuzeni wa kabaza aime pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu m'mbali mwa msewu chokhala ndi mizere yozama ngati mphini zimene agogo athu ankatema kumaso. Mizereyo sanagobe munthu, ndi mmene mwalawo unaperepesekera ndi dzuwa ndi mvula kwa zaka zosawerengeka. Ndi malo otetezedwa ndi boma. Jambulani, koma musalembepo dzina la chibwenzi chanu.

Ngati mukufuna kukwera phiri, fikani dzulo lake n'kugona ku Chembe. Kunyamuka ku Mangochi m'mawa n'kuyamba kukwera cha m'ma 10 koloko n'kudzipha nokha ndi dzuwa.

Geti, risiti ndi wolondolera

Njira zonse zimene ndikufotokoza pano zili m'paki, ndipo paki amayang'anira ndi a dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Geti lili kumapeto a mudzi, mbali ya kuzambwe, polowera ku Golden Sands. Mumalipira pamenepo. Amalawi timalipira ndalama yochepa kusiyana ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika. Mitengo imasinthasintha, ndiye funsani pagetipo, ndipo risiti isungeni m'thumba tsiku lonse chifukwa mutha kukumana ndi alonda a paki m'phirimo. Nyamulaniko ndalama yogwirika m'manja, musadalire Mpamba kapena Airtel Money zokha.

Nanga wolondolera njira? Ku Otter Point simufunika munthu. Koma kuphiri, makamaka ulendo woyamba, mtengeni. Chifukwa chake si mikango. Vuto n'lakuti m'phirimo muli tinjira tambirimbiri ta amayi otola nkhuni, ndipo tina timaoneka topondeka bwino kuposa njira yeniyeni. Mumatsata kanjira kokongola kwa theka la ola, n'kukathera pachitsa. Potsika ndiye zimasokoneza kwambiri, poti miyala yonse imafanana. Ku Chembe kuli anyamata ambiri amene ntchito yawo ndi yomweyi. Funsani pageti kapena pamalo pamene mwagona kuti akupatseni wodziwika, ndipo mugwirizane ndalama, kofika ndi nthawi yobwerera musananyamuke. Ndalama imeneyo imatsala m'mudzi momwemo, ndipo kwa ine ndi yabwino kuposa ya mowa wa pagombe.

Poyambira: manda a amishoni

Njira ya ku Nkhunguni imayambira pafupi ndi manda a amishoni, m'munsi mwa phiri, osati patali ndi geti. Musangodutsapo. Mu Okutobala 1875 gulu la a Free Church of Scotland linafika pano pa sitima yotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo m'gulumo munali dokotala wachinyamata Robert Laws. Sitimayo anaiphwasula n'kuisenzetsa anthu pamutu kuti ilambalale mathithi a mtsinje wa Shire, kenako anailumikizanso kumtunda. Dzina lake linachokera ku dera la Ilala, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene Livingstone anamwalira mu 1873. Ilala imene mumaiona padoko la Monkey Bay ndi ina, inayamba kuyenda mu 1951.

Livingstonia yoyamba inali pano, osati ku Rumphi. Anasankha malowa chifukwa doko lake n'lotetezeka ku mphepo, koma malungo anawasautsa. Mwa ogona m'mandamo muli Dr William Black, amene anamwalira mu 1877, ndi Shadrach Ngunana, mlaliki Wachixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera mu 1876 pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena awiri. Dzina la Ngunana silimveka kawirikawiri m'makalasi, pamene naye anasiya kwawo n'kudzafera kuno ali mnyamata. Munthu woyamba kubatizidwa pamishoniyi anali Albert Namalambe, mu 1881, chaka chomwecho chimene mishoni inasamukira ku Bandawe. Mu 1894 anakakhazikika ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia ya lero.

Ndi manda, ndiye zipewa pansi, sipika izime.

Njira yake

Kuchokera pamandapo njira imayamba kukwera nthawi yomweyo, palibe zonyengererana. Chigawo choyamba ndi cha miyala yogubuduka ndi mizu. Kumunsiku mumaona milambe, mikuyu yomera m'ming'alu ya matanthwe, nkhadze zazitali, ndi mitengo ya makungwa oyera osalala imene timaitcha msetanyani, ati chifukwa ngakhale nyani amaterereka akafuna kukwera. Mukamakwera nkhalango imasintha n'kukhala ya miombo, mitengo imene imayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukira ofiirira cha mu Seputembala mvula isanagwe.

Pali malo ena pamene mumagwiritsa manja. Si kukwera kwa zingwe ayi, koma mwala umakhala wofika m'chiuno ndipo muyenera kudzikoka. Apa foni ilowe m'chikwama. Anthu ambiri amene ndawaona atakhala pansi akugwira bondo anagwa akujambula, dzanja limodzi lili m'mwamba.

Pa liwiro langa, lomwe si la wothamanga, pamatenga ola limodzi ndi theka kufika pamalo oonera, pomwe phiri limachita kampata. Ambiri amabwerera pamenepa ndipo palibe manyazi. Mudzi wonse wa Chembe umaoneka pansi panu, utandandalika m'mbali mwa gombe, mathandala oyanikapo usipa akung'anima, mabwato ngati timbewu ta mpunga. Chilumba cha Domwe chimaoneka ngati chalumikizana ndi mtunda, koma pakati pali kampata ka madzi kotchedwa Ilala Gap. Kumanzere kuli Thumbi, patali Mumbo, ndipo tsiku lopanda utsi mapiri a tsidya la Dedza ndi Salima amaoneka. Chimene ine ndimakonda kuyang'ana ndi mtundu wa madzi: obiriwira moyera pamchenga, kenako mzere woonekeratu pamene nyanja yayamba kuzama n'kusanduka yakuda bii.

Kupitiriza mpaka pansonga n'kuwonjezera pafupifupi ola lina, ndipo njira yake ndi yothina, udzu wautali, mwina n'kusowa kumene. Apa ndi pamene wolondolera amadyera ndalama yake. Kupita ndi kubwerera, kuphatikiza kupuma ndi kujambula, ikani maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pali kawerengedwe kakale kamene anthu oyenda m'mapiri amagwiritsa ntchito, kamene anayambitsa William Naismith wa ku Scotland mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Koma bamboyo ankayenda kozizira. Kuno kunyanja onjezerani theka la nthawi imene mwapezayo, ndipo ngati muli gulu, werengerani liwiro la munthu wochedwetsetsa. Kutsika musakuyese kosavuta. Mawondo amanjenjemera, timiyala timagubuduka pansi pa nsapato, ndipo ngozi zambiri zimachitika potsika, anthu atatopa n'kuyamba kuganiza za chambo.

Njira zina ziwiri

Ngati m'gulu muli ana kapena wina amene sakufuna zovutika, pitani ku Otter Point. Kuchokera pageti ndi kaulendo kochepa, kodutsa pa Golden Sands ndi pamlambe waukulu wakalekale, kukafika pamiyala ikuluikulu yolowa m'madzi. Dzinali linachokera ku akatumbu, ngakhale kuwaona n'kwamwayi. Zimene simungaphonye ndi mbuna, zimachita kukuzungulirani miyendo.

Kwa olimba, pali njira yodutsa m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja kupita ku Msaka, mudzi wa asodzi kumwera chakuzambwe. M'kati mwa paki muli midzi isanu: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale, ndipo ina mwa iyo mumafikako pa bwato kapena wapansi basi. Ulendo wa ku Msaka ndi wa tsiku lathunthu, wotentha, ndipo mbali zina zimadalira kuti nyanja yadzaza motani. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri moti magombe ambiri a ku Mangochi anamira, choncho musadalire zimene mnzanu anaona zaka zitatu zapitazo. Umenewu musapite opanda wolondolera, ndipo konzeranitu bwato kapena kabaza wobwerera.

Nyengo

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Kumakhala kozizirirapo, mwera ukuomba kuchokera kumwera, ndipo mu Meyi ndi Juni phiri limakhala likadali lobiriwira, kumwamba koyera. Kuyambira Seputembala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali, ndiye zithunzi zimatuluka zotuwa. Okutobala ndi Novembala ndi ng'anjo. Mitengo ilibe masamba, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, miyala ikuotcha m'manja. Ngati mwasankha miyezi imeneyi, yambani kukangoyera, 5 koloko ikamakwana, ndipo pofika 10 koloko mukhale muli pansi.

M'dzinja, Disembala mpaka Malichi, phiri limakongola koma matanthwe akanyowa amaterera ngati sopo, udzu umabisa njira, ndipo mvula ya mabingu imabwera mwadzidzidzi masana. Mukamva kugunda muli pamwamba, tsikani. Osabisala pansi pa mtengo wautali umene waima pawokha kapena kuima pamwala poyera.

Nthawi iliyonse ya chaka, kumbukirani kuti kwathu kuno mdima suchedwa. Dzuwa likalowa, pakangotha mphindi makumi awiri kapena atatu m'nkhalango mwada. Amene amafuna kujambula kulowa kwa dzuwa ali pansonga amatsika mumdima pamiyala. Chithunzi chimenecho chijambuleni pagombe.

Zonyamula

Madzi ndiye nkhani yaikulu. M'phirimo mulibe mjigo, mulibe okala, ndipo timitsinje take timauma mvula ikangotha. Munthu aliyense anyamule malita awiri m'nyengo yozizira, atatu kapena kuposa kukatentha. Aliyense ake, osati botolo limodzi anthu anayi. Ikanimonso kapaketi ka Thanzi, chifukwa thukuta limachotsa mchere m'thupi ndipo madzi okha sabwezera. Mowa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija si madzi. Ndipo amene wagona 3 koloko usiku ku bala, tsiku limenelo akhale pagombe, phiri silithawa.

Nsapato zikhale zotseka, zokhala ndi mano kunsi, zimene munazivalapo kale. Zatsopano zimatupitsa matuza. Mudzaona amayi a m'mudzi akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu atavala patapata, n'kuganiza kuti nanunso mungathe. Iwowo akhala akuyenda njira imeneyo kuyambira ali atsikana. Valani thalauza lopepuka m'malo mwa kabudula chifukwa cha minga, nkhupakupa ndi chitedze. Chipewa, tochi yaing'ono, kansalu komangira bala. Chakudya chikhale chosavuta: nthochi, mtedza, mbatata yophika, mandasi, mazira owiritsa. Tenganinso jumbo yobwezeramo zinyalala zanu.

Foni ikhale yodzaza moto, ndipo mapu muwatsitsiretu muli kumudzi, poti netiweki m'phirimo imabwera n'kupita: pamwamba imagwira, m'zigwa zii. Musananyamuke uzani munthu wa pamalo pamene mwagona njira imene mwatenga ndi nthawi imene mubwere. Kulemba pa status sikukwanira. Anzanu a ku Lilongwe adzangoika timitima, sadzabwera kudzakusakani.

Zamoyo za m'phirimo

Anyani ndiwo eni phiri. Mudzawamva akukuwa musanawaone. Sachita kanthu ngati simuwaputa, koma a kufupi ndi geti anazolowera anthu ndipo amadziwa kuti m'jumbo mumakhala chakudya. Musawapatse kanthu, musadye pamaso pawo, musayandikire ana awo pofuna chithunzi. Nyani wamphongo ali ndi mano otalika kuposa a galu. Akakulandani nthochi, musiyireni. Nyani wozolowera kupatsidwa chakudya ndi amene mawa amakalowa m'khitchini ya munthu ku Chembe, mapeto ake n'kuphedwa.

Muliso apusi, mbira zothamanga pamatanthwe, ng'anzi kufupi ndi madzi, nguluwe, mbawala, ndi chinkhoma, kagwape koima pansonga za ziboda pamwamba pa mwala. Kuti muone zimenezi muyenera kuyenda mwakachetechete, n'chifukwa chake gulu la sipika limabwerako likunena kuti m'phirimo mulibe kanthu. Kumwamba kuli nkhwazi, yomwe ija ili pachizindikiro cha dziko lathu. Mukaimva ikulira muli pamwamba, yang'anani pansi, chifukwa nthawi zina imauluka m'munsi mwanu.

Njoka zilimo, tisanamizane, monga mmene zilili m'tchire lililonse. Zambiri zimathawa zikamva mapazi. Yosathawa ndi mphiri, imene imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma. Choncho yang'anani popondapo, musalowetse dzanja m'phanga kapena pansi pa mwala pamene simukuonapo, ndipo podumpha chipika yambani mwapondapo pamwamba kuti muone kuseri. Wina akalumidwa, musateme, musayamwe, musamange chingwe cholimba, musataye nthawi kusaka njokayo. Mvuleni mphete, zibangili ndi nsapato kutupa kusanayambe, mwendowo usagwedezeke, munyamuleni ndipo thamangirani kuchipatala.

Koma zoona zake, chimene chimaliza anthu ambiri si njoka. Ndi chitedze. Kambewu koyanga kokhala ndi zikhokhombe zaubweya wofiirira, kamene kamauma m'chilimwe. Kakakukhudzani mudzavina popanda ng'oma. Osakanda, chifukwa mukukanikizira ubweyawo m'khungu. Njuchi nazo zimamanga m'mphako za milambe ndi m'miyala. Mukamva kulira kwake, dutsani mwakachetechete, osaponya mwala.

Chifukwa chake mitengo imeneyi ili nkhani

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. Zotchuka kwambiri ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Mbuna zambiri zimadya ndere zomera pamiyalapo, zimaswana pomwepo, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa. Sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, moti mtundu wina umapezeka pachilumba chimodzi chokha, mwinanso pamulu umodzi wa miyala. N'chifukwa chake paki imateteza madzi ofika mamita 100 kuchokera kugombe lake ndi la zilumba, ndipo kuwedza m'menemo n'koletsedwa.

Tsono taonani kugwirizana kwake. Mapiri a Nankumba ndi otsetsereka ndipo dothi lake n'losaya. Mitengo ikadulidwa kapena tchire likapsa, mvula yoyamba imakokolola dothilo kulowa nalo m'nyanja. Matope amakhala pamiyala, ndere zimakwiririka, kuwala kwa dzuwa sikufika pansi, ndipo mbuna zimasowa chakudya. Poti sizisamuka, zimangotha pomwepo. Mbuna zazikazi zimasankhanso amuna poona mtundu wawo, ndiye madzi akada, ngakhale kuswana kumasokonekera. Amene anaika mapiri m'kati mwa paki ya nsomba ankadziwa chimene akuchita. Mukakhala pamalo oonera paja m'dzinja mvula itangogwa, yang'anani pamene mitsinje yodutsa m'minda ikuthira m'nyanja: pamakhala chigamba chofiira. Kenako yang'anani m'munsi mwa nkhalango.

Apa ndipamene pali mkangano umene aliyense wa kuno amaudziwa. Anthu a ku Chembe anali pano paki isanabwere, ndipo achuluka kwambiri kuyambira 1980. Akufuna nkhuni zophikira, zowambira nsomba, milimo ndi udzu wofolera. Dongosolo limene lilipo limalola anthu a m'midziyi kutola nkhuni zouma ndi chilolezo, osadula mtengo wauwisi. Kunena n'kosavuta. Nkhuni zouma za pafupi zinatha kalekale, ndiye amayi amakwera mtunda umene inu mukuutcha masewera olimbitsa thupi, n'kutsika ndi mtolo wolemera pamutu. Ine sindigwirizana ndi alendo amene amafika n'kuyamba kuwajambula ndi kuwanyoza pa intaneti kuti akuwononga chilengedwe, pamene kampango wowamba amene adya usiku wapsa ndi nkhuni zomwezo. Mukakumana nawo, patukani ndinu, chifukwa wosenza sangaime pamalo otsetsereka. Perekani moni, “Mwaswera bwanji amayi, zikomo dutsani,” ndipo musajambule munthu osapempha.

Mbali yanu ndi yochepa koma ndi yeniyeni. Osayatsa moto m'phiri, ngakhale wowotchera nyama. Chotsalira cha ndudu chimodzi mu Seputembala chitha kuyatsa phiri lonse. Osadula ndodo yauwisi, osasema mayina pamilambe, osatsegula njira zachidule potsika, chifukwa kanjira kolunjika kumunsi ndi kamene mvula imasandutsa ngalande. Mabotolo ndi majumbo abwerere nanu. Pamalo oonera paja ndimapezapo timabotolo ta mowa ndi mapepala a mabisiketi, ndipo amayi a nkhuni sanyamula zimenezo.

Zikavuta

Kutentha ndiko kumagwetsa anthu kawirikawiri. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, miyendo kukokana, ndi mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Munthu wotero akhale pamthunzi, amwe pang'onopang'ono madzi a Thanzi, mumuthire madzi m'khosi ndi kumutu, ndipo ulendo wathera pomwepo. Akayamba kuyankhula zosamveka kapena kusokonezeka, imeneyo ndi ngozi yeniyeni, mutsitseni msanga. Musamusiye munthu yekha panjira kuti mudzamupeza pobwerera. Gulu labwino ndi la anthu atatu kapena kuposa: wina akavulala, mmodzi amatsala naye, wina n'kukaitana anthu.

Mukasochera, imani. Bwererani pamalo omaliza pamene munali otsimikiza za njira. Musatsate chigwa poganiza kuti chikufikitsani kunyanja, chifukwa zigwa zambiri za kuno zimathera paphompho. Ku Chembe kuli chipatala chaching'ono cha Billy Riordan Memorial, chimene chinatsegulidwa mu 2004 pokumbukira mnyamata wa ku Ireland amene anamira m'nyanjayi mu 1999. Zazikulu amatumiza ku Monkey Bay kapena ku Mangochi.

Mukatsika

Thupi lidzafuna madzi, ndipo nyanja ili pomwepo. Pumani kaye, imwani, kenako lowani. Ngati simudziwa kusambira khalani pofika m'chiuno, ndipo pa Otter Point samalani chifukwa kuseri kwa miyala kumazama mwadzidzidzi. Osasambira mutamwa, osasambira usiku, ndipo funsani eni mudzi ngati kwaoneka ng'ona kapena mvuu masiku amenewo.

Nkhani ya likodzo ku Cape Maclear si mphekesera. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka kugombe la mudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pakhungu popanda bala. Kumiyala ndi kuzilumba chiopsezo n'chocheperapo koma sikuti palibiretu. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amamwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwelo kapena mawa lake sikuthandiza, chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula. Dikirani masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenako pitani kuchipatala mukawauze kuti munasamba m'nyanja. Mukaona magazi mumkodzo, kapena kutentha thupi patapita masabata angapo, musadikirenso, ndipo mukayezetse ndi malungo omwe, poti udzudzu umene unathamangitsa a Laws ukadalipo.